Ukamperekeze Chisoti Kwawo

Kwa Tengani,
Lachinayi masana.

Rozina mwana wanga,

Wapita kukatsazika azakhali ako kutsidya kwa njanji, ndiye ndati ndilembe msanga usanabwere, chifukwa pamaso pako sindingathe. Ndikangoyamba kulankhula umakweza nsidze imodzi ija ngati bambo ako, ine mawu n'kundithawa. Kalatayi uipeza m'thumba la jekete lako laubweya. Uiwerenge sitima ikawoloka mlatho wa Chiromo, osati usanafike. Ndikukudziwa iwe, ungatsike n'kubwerera wapansi kudzakangana nane.

Za kupemphera akuuza abusa. Za amuna akuuza azakhali ako, mwinanso mopitirira. Khadi ya chipani ili m'kachikwama kako, ndipo za boma utseke pakamwa ngakhale ku Mangalandeko, poti sudziwa amene wakhala naye pampando. Zimenezo zatha. Ine nkhani yanga ndi imodzi basi, ndiyo dothi.

Papasa mpendero wa jeketelo chakumbuyo. Umva timapukusi tiwiri. Ndasokeramo dzulo iwe uli kumsika. Kamodzi ndamanga ndi ulusi wakuda, kena ndi ulusi wofiira. Usasomole, usachape jeketelo, usabwereke mnzako ngakhale akunjenjemera. Ndiyamba ndi kakuda.

Ku Pankhuni ukukudziwa, kumene ndimapita ndi tsache Loweruka lililonse, iwe n'kumachita manyazi anzako akakufunsa kuti mayi ako amasesa chiyani kutchire. Iwe umangoona zipupa ziwiri zogumuka, chitsulo chadzimbiri ndi manda khumi ndi atatu pansi pa msau. Pamene paja panali tauni, mwanawe. Agogo anga a Kapesi, bambo a mayi anga, anaona chiyambi chake ndi maso awo, ndipo mayi ankandifotokozera tikusesa.

Panayamba mulu wa nkhuni. Masiku amenewo Shire anali wakuya, sitima za Angelezi zinkakwera kuchokera kunyanja yamchere, ndipo zinkadya nkhuni kuposa ng'anjo ya njerwa. Mzungu wina anatsika n'kupempha eni dziko kamalo kounjikapo nkhuni, kokwana mphasa zinayi chabe. Anthu anati, aa, mulu wa nkhuni ungatilande chiyani? Mwezi wotsatira pambali pa mulu panaima hema, ati wa mlonda wa nkhunizo. Hema anasanduka chisakasa, chisakasa chinasanduka nyumba ya njerwa yofolera malata. Kenako anazika chitsulo chija, anakwezapo nsalu yawo, n'kulengeza kuti kuyambira pamlambe mpaka kumadzi ndi pa Mfumukazi ya kwawo. Kunabwera asilikali, kunabwera wolemba mayina a nyumba, kunabwera amwenye ndi nsalu ndi mchere, kunabwera makina opunthira thonje. Anthu aja anapereka malo a mphasa zinayi anayamba kupempha chilolezo kuti akatunge madzi padooko lawo lomwe. Koma chimene chinkakula msanga kuposa zonse anali manda. Udzudzu wa kuno sufunsa kuti uyu ndi bwana. Azungu ankafika ofiira, pakatha miyezi itatu achikasu, mwezi wachinayi anthu akukumba.

Agogo anayamba ngati odula nkhuni, kenako anawatenga kuti aziphikira kalaliki wa padooko. Makalaliki amenewa ankasiyirana chisoti chimodzi, cholimba chija chonga mbale yovundikira. Woyamba atamwalira anachikoloweka pamsomali. Wachiwiri anafika, anavala, anamwalira, chisoti chinabwerera pamsomali. Wachitatu anali wamsinkhu wako womwewu, wamutu waung'ono, moti chinkamugwera m'maso. Anthu anangomutcha Chisoti. Dzina lake lenileni linali pamwala wa manda, koma mvula ndi mbuzi zinafufuta kalekale. Ameneyu anali wofatsa, ndipo ankayesetsa Chimang'anja ngakhale lilime linkapotoka. Chinkamusangalatsa kwambiri ndi mmene ife timachitira mlendo akatsazika, kuti satuluka yekha, timamunyamulira katundu mpaka pamphambano, n'kumuuza kuti ife tibwerera pano. Ankaima pakhonde kumaonerera, n'kumafunsa agogo kuti mwambo umenewu dzina lake nchiyani.

Malungo anamugwira nyengo ngati ino, ya dzuwa loswa mutu mvula isanagwe. Mkodzo unada bii. Iwe ukakhala namwino udzaidziwa dzina nthendayo. Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, anagwira agogo padzanja n'kunena kuti, "Kapesi, ine mlendo. Undiperekeze kwathu." Agogo poona mwana wa eni ake akulira anati, "Ndikuperekezani, bwana, gonani." Anangonena momutonthoza, monga timauzira mwana kuti jakisoni sapweteka. Munthu anagonadi, osadzukanso. Anamuika ndi chisoti chake chomwe, chifukwa kalaliki wachinayi anakana kuchikhudza.

Tamvera pamenepa, Rozina. Ukupita kukagwira ntchito pakati pa anthu amene akutsirizika, ndipo adzakugwira padzanja. Uwamwetse madzi, uwapukute thukuta, upemphere nawo. Koma usalonjeze chinthu chimene miyendo yako singakwanitse. Wamoyo ukamunamiza amakalipa n'kuiwala. Amene wapita nawo mawu ako sakalipa, amangodikira.

Tauni ija inafa mmene inabadwira, pang'onopang'ono. Madzi anachepa, sitima zinkatitimira mumchenga, njanji inadzera kutali ndi dooko. Amwenye anasamukira kusiteshoni, azungu anazula malata awo n'kukwera nawo kumtunda kozizira. Palibe anatembenuka kutsazika manda. Palibe mbale anabwera, palibe anameta, palibe anaphika chikumbutso. Khumi ndi awiri enawo ali phee, poti sanapemphe kanthu kwa munthu. Mmodzi yekha ndiye anapempha, ndipo anayankhidwa. Agogo anayamba kusesa pomupepesa, mayi analandira tsache, ine ndinalandira kwa mayi.

Ine kulakwa ndinayamba ndili kamtsikana. Mayi anali ndi pakati, ndiye anandituma ndekha. Anandiuza kuti pofika ndinene odi, pomaliza ndinene kuti tikukumbukira, dikirani pang'ono. Ine ndinati zamisala, odi kwa mwala? Ndinakhala pamwala wake miyendo lende, ndikudya masau, nthangala ndikulavulira pamandapo. Masana a kuno uwadziwa, mbuzi zili pansi pa nkhokwe, mpweya ukuvina pamwamba pa nthaka. Ndinangomva nyenje zonse zasiya kulira nthawi imodzi. Nditayang'ana pansi, pafupi ndi chithunzithunzi changa panali china, chozungulira ngati kalichero. Dzuwa likakhala pamutu, munthu wovala chisoti chithunzithunzi chake chimakhala chotero. Koma pamwamba pake panalibe munthu. Ndinatsika pamwala, chinasuntha. Ndinayenda, chinayenda. Sichinandithamangitse ayi. Chinkangotsala mapazi awiri kumbuyo kwanga, mmene amayendera mlendo wosadziwa njira. Chinandisiya pamphambano ya pamlambe. Nditafika kunyumba chitenje chitanyowa, mayi sanandimenye. Anangoti, "Wakudziwa tsopano. Amayesa ukumuperekeza." Anandiuzanso kuti wa mbumba yathu aliyense akamanga katundu wa ulendo wautali, iye amayesa kuti tsiku lija lafika.

Kulakwa kwachiwiri ndi kumene kumandidya mpaka lero. Amalume ako a Matiyasi sunawaone, anamwalira usanabadwe. Anali munthu wa tchalitchi, wophunzitsa katekisimu, wosamva nkhani zoterezi, ndipo mayi pomwalira anasiyira ine ndekha nkhaniyi. Anapeza ntchito yonyamula katundu padooko la ku Beira. Tsiku lonyamuka, mtolo wawo uli pabwalo, ndinachiona chozungulira chija chitaima pambali pake. Ndinatsegula pakamwa, ndinatsekanso. Ndinaopa kuti andiseka, andinena kuti ndine wachikunja. Kungoopa kusekedwa, Rozina, basi! Patatha miyezi iwiri anawatsitsa m'sitima pamachira, achikasu ngati dzungu, mkodzo uli bii. Ndikuwamwetsa phala anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alongo, kuli munthu kudooko kuja amandikoka malaya sitima yaikulu ya pamadzi ikalira. Akuti bwanji sitikukwera." A Matiyasi anamufikitsa Chisoti panyanja yopita kwawo n'kulekera pomwepo, osadziwa n'komwe kuti ali ndi mlendo. Tinawaika Lamulungu.

Ndiye chifukwa chake lero ndasankha kuti undiseke. Seka, mwana wanga, seka mpaka anzako a m'sitimamo akufunse. Nena kuti mayi anga analekera Sitandade 3. Ndalola. Koma jeketelo usavule.

Mwambo wake suli wachilendo. Munthu akafera kutali, thupi losanyamulika, abale amatapa dothi la kumutu kwa manda n'kukalithira kwawo, ndiye kuti munthu wafika. Ndi mmene anachitira anansi athu a kwa Dominiko mwana wawo atatsalira mumgodi ku Joni. Ine ndinkazidziwa zimenezi, koma ku Mangalande ndikanafikako ndi chiyani, ndi njinga ya bambo ako? Ndiye ndinachita ulesi, n'kuutcha nzeru. Ndinati Shire amathira mu Zambezi, Zambezi amathira m'nyanja, nyanja imafika kwawo. Ndinatapa dothi la pamanda a Chisoti, ndinaika m'kachitini ka fodya, ndinamata ndi phula, ndinakwera bwato la bambo ako, n'kuponya pakati pa mtsinje. Ndinati, "Pitani bwino, bambo." Bambo ako anapukusa mutu. Anati, "Nkhabe, ayi, Luwiza. Kumeneko si kuperekeza, ndi kupirikitsa." Ine ndinawauza kuti apalase bwato asiye zolalikira. Patatha masiku atatu anabwera masana nkhope itatuwa, anatula ukonde pabwalo. Munali milamba iwiri ndi kachitini kaja. Ukondewo anautchera kumtunda kwa pamene ndinaponyera. Kumtunda, Rozina. Ndiuze iwe wophunzira, chitini chimakwera bwanji mtsinje?

Sabata lomwelo unadwala ndiwe. Unali ndi zaka zinayi, sungakumbuke. Thupi linatentha moti nsalu yonyowa inkauma ndikuyang'ana. Tsiku lachitatu masana unatsegula maso, unayang'ana pakhomo popanda munthu, n'kunena kuti, "Amayi, auzeni abambo a chisoti asunthe, akunditchingira mphepo." Iwe unali usanamvepo za chisoti chilichonse. Ndinathamanga opanda mpango kumutu mpaka ku Pankhuni, ndinabwezera dothi pamalo pake, ndinagwada padzuwa n'kupepesa ngati ndikupepesa apongozi. Pobwerera ndinakupeza utakhala tsonga ukupempha chimanga chokazinga. Sindikuti amafuna kukupha ayi. Sindikhulupirira kuti ndi woipa mtima. Koma nthenda yake amayenda nayo, ndipo akayandikira kwambiri munthu, munthuyo amaitenga.

Kulakwa kwina ndinachita mbendera itangosintha, azungu ambiri akumanga katundu. Ndinati mpata ndi umenewu. Panali bwana wina woyang'anira misika ya thonje, munthu waulemu, wopatsa moni ngakhale ife amayi. Ndinatapanso dothi m'kachitini kaja, ndinavala chilundu changa chabwino, ndinagwada pakhonde pake, ndinafotokoza zonse kudzera mwa womasulira wake. Anamvetsera mpaka kumapeto, anati zikomo kwambiri, anaika kachitini m'thumba. Ndinabwerera ndikuvina njira yonse, bambo ako anayesa ndalawa kachasu. Mawa lake ndikupita kukagula mchere ndinapeza kachitini kaja m'ngalande ya pasiteshoni, chivundikiro chili apo, nkhuku zikupalasa dothi. Ndipo chozungulira chija chinali pomwepo, m'mphepete penipeni mwa pokwerera sitima, mbali imene sitima ya bwanayo inalowera. Tsiku limenelo sindinachite mantha. Chinandigwira chisoni, ndinalira pamaso pa anthu ogulitsa nsomba. Munthu kukanidwa ndi a mtundu wake omwe! Ndinawola dothi ndi manja, n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba, bambo." Ananditsatira, mapazi awiri kumbuyo.

Kumene ukupitako adzakumwetulira, adzati zikomo kwambiri. Usayese kuti akumva. Ambiri sadziwa n'komwe kuti kuno kuli manda a ana awo, ngakhale kuti kuli ife. Ntchito imeneyi usapatsire munthu, kaya mbusa, kaya mnzako, kaya mzungu wokoma mtima chotani. Analonjeza ndi Kapesi, ndipo magazi a Kapesi ali mwa iwe.

Tsono ndiulule chimene sudziwa. Kalata yako ya sukulu sinachedwe kupositi monga ndinakuuzira. Ndinaisunga masiku asanu pansi pa mphasa. Kawiri konse ndinaiyandikitsa pamoto. Ndinkaona a Matiyasi pamachira, ndinkati mwana wanga sapita kulikonse, akwatiwe pano, azilima mapira ndikumuona. Bambo ako ndiwo anaipeza. Sanakalipe. Anati, "Mibadwo itatu munthu akudikira wa kwanu amene adzafike kwawo kwenikweniko. Wapezeka, iwe ufuna kuotcha kalata yake?" Ndikhululukire, Rozina. Ndinatsala pang'ono kukuphera tsogolo chifukwa cha mantha.

M'kapukusi kakudako muli dothi la kumutu kwa manda a Chisoti. Ndipo usaganize kuti ukataya kapukusiko ndiye wamusiya. Apita nawe, ufune usafune. Lolemba nditatulutsa sutikesi yako padzuwa kuti fungo la m'sitolo lichoke, anafika, ndipo tsiku lililonse akumabwera. Kusiyana kwake n'kwakuti a Matiyasi anapita naye osadziwa, opanda dothi, n'kulekera panjira. Iwe ukupita ukudziwa, dothi lili nawe, ndipo ukafika mpaka kumapeto. Usalekere panjira.

Pa Chileka akamasecha katundu, jekete likhale pathupi ngakhale thukuta likuyenderera. Akalipeza dothilo usanene kuti ndi mankhwala. Masiku ano mawu amenewo pafupi ndi ndege angakutengere kumene sitingakuonenso. Usanenenso kuti ndi lodya, angakuyese woyembekezera n'kukubweza, azakhali ako n'kukomoka. Unene kuti mayi anga ndi nkhalamba yopusa, anandisokera dothi la kwathu. Undinyoze ndithu, aseke, akusiye upite. Ukamakwera unene chamumtima kuti tiyeni. Ndamva kuti panjira mumatsika n'kukwera ndege ina. Pamenepo unenenso, angatsalire m'dziko la eni, n'kuyamba kukukoka malaya.

Ukafika usathire pasimenti ya pabwalo la ndege. Upume, ugone, tsiku lotsatira ufunefune nthaka yeniyeni, pansi pa mtengo, ngati kuli kotheka pafupi ndi tchalitchi. Pakhale masana. Umasule ulusi wakuda, wakuda ndati, uthire lonse, ukung'unthe ndi kansalu komwe. Ulankhule Chimang'anja, poti iye anapempha m'Chimang'anja. Unene kuti, "Bambo, kwanu ndi kuno. Mdzukulu wa Kapesi wakuperekezani. Ine ndibwerera pano." Ukatero utembenuke uzipita. Ukamva nyenje kapena mbalame za kumeneko zasiya kulira, usaime, uziyenda basi. Mudzi wake sindiudziwa, koma ifenso mlendo sitimufikitsa pakhomo pake, timamusiya pamphambano. Kuchokera pamenepo ayenda yekha. Ukatha undilembere mawu awiri okha, kuti mlendo wafika. Otsegula makalata ayese unali ndi mlendo wamba.

Tsopano kofiira.

Zaka zonsezi ndikusesa ndakhala ndikuganiza za munthu mmodzi amene mayi sanamutchulepo, mayi wake wa Chisoti. Analipo ndithu. Anamusokera mabatani, anamulongedzera katundu, anamuuza kuti kumeneko kuli dzuwa usamayende mutu uli pamtunda. Anamuperekeza mpaka padooko, n'kubwerera kunyumba kukadikira. Palibe anamuuza kuti mwana wake pomaliza anapempha chiyani. Ndinkamumvera chisoni mayi ameneyo ngati munthu wakutali. Mawa m'mawa sitima ikalira, mayi ameneyo ndikhala ine.

Ndikuopa, mwana wanga. Ndikuopa kuzizira kwawoko monga iwo anayenera kuopa udzudzu wathu. Ukadwala kumeneko kulibe Kapesi. Palibe mzungu adzatenge tsache kukusesera mibadwo itatu. Ndiye dothi la kwanu ndakupatsiratu, kuti zikavuta usadzagwire dzanja la mwana wa eni ake n'kumusenzetsa zimene tasenza ife. Ndatapa kuseri kwa nyumba, pamene ndinakwirira mchombo wako.

Koma sindinakupatse kuti ukagone nalo. Ayi. Kadzenje kamene ndatapako sindinafotsere, ndangovundikira ndi phale, ndipo sindilola munthu kufotsera, ngakhale bambo ako. Udzafotsera ndiwe, ndi dothi lomwelo, ndi manja akowo, ukuyenda ndi miyendo yako. Zaka zinayi ndidikira. Zikakhala zisanu ndidzakalipa, koma ndidikirabe. Kumbukira mawu amene ukanene pansi pa mtengo paja, kuti ine ndibwerera pano. Ukawanene kwa iye, koma ine ndiwamva. Ndipo wamva kale zimene zimachitika m'banja lino munthu akalonjeza.

Ndilekere pano, ndikumva mawu ako kunjira, ukuseka ndi ana a azakhali ako. Masiku onse dzuwa likapendeka Chisoti amachoka. Lero lapendeka kale, koma akadalipo. Wakumva nayenso. Wachoka pasutikesi, waima pampata wa mpanda, mbali ya kusiteshoni.

Yenda bwino, Rozina. Ulusi wakuda ukasiye, wofiira ubwere nawo.

Ndine mayi ako,
Luwiza.